Kalata kwa Makhonsolo ndi Maseneti a mayunivesite a boma: amene mumawaveka gauni yaulemu mumawasankha bwanji?

Kwa inu Apampando ndi mamembala a Makhonsolo, akuluakulu a Seneti, ndi ma Vice Chancellor a mayunivesite onse a boma m'Malawi muno,

Landirani moni wanga mwaulemu. Ine ndine mphunzitsi wa kusekondale, ndagwira choko zaka zoposa 20, komanso ndine kholo la mwana amene anavala gauni pa imodzi mwa sukulu zanuzo. Sinditchula kuti ndi iti, chifukwa zimene ndadza nazo zikukhudza nonse.

Tsiku la mwambowo tinanyamuka kumudzi tambala woyamba asanalire. Mayi anga, agogo ake a mwanayo, anakanitsitsa kutsala ngakhale mawondo amawavuta. Ndinalibe mphamvu zowaletsa, poti ndi iwo amene anagulitsa mbuzi zawo ziwiri chaka chimene fizi inatikanika. Makadi olowera m'holo anali owerengeka, choncho ine ndi mayi tinakhala mu tenti panja, tikuonera pa kanema wamkulu. Tinadikira mlendo wolemekezeka mpaka dzuwa linafika paliwombo. Mwambo utayamba anaimika bambo wina kutsogolo, nawerenga mbiri yawo m'Chingerezi nthawi yaitali ndithu, kenaka anawaveka gauni yofiira ndi chipewa chofewa chija, nalengeza kuti kuyambira tsiku limenelo ndi Dokotala. Mayi anandikoka mkono wa jekete n'kundifunsa chapansipansi: "Kodi adokotalawa amagwira chipatala chiti?" Ndinawauza kuti si adokotala a kuchipatala, ndi ulemu chabe umene sukulu ikuwapatsa. Anafunsanso: "Ulemu wa chiyani? Anachita chiyani?"

Apa m'pamene ndinasowa chonena. Chingerezi ndimachimva, ndipo mbiri ija ndinaimvetsera yonse, koma munali mipando yokhayokha imene bambowo anakhalapo. Munalibe ntchito ndi imodzi yomwe imene ndikanailoza kuti mayi, iyi ndi imeneyi. Mayi anangoti "Oo," n'kukonza duku lawo. Dzina la mdzukulu wawo linatchulidwa patapita maola ena awiri, mothamanga, pakati pa mayina mazanamazana. Anaimirira movutikira n'kuimba nthungululu, koma pomwe ankamaliza anali atatchula kale anthu ena atatu.

Funso la mayi anga lija ndi limene ndabwera nalo kwa inu.

Ine sindidana ndi digiri yaulemu. Ndikudziwa kuti ilibe mayeso, ilibe kafukufuku, ilibe fizi, ndipo m'menemo mulibe cholakwika. Alipo anthu amene moyo wawo wonse ndi buku, amene anaphunzitsa dziko osalowapo m'kalasi, ndipo n'koyenera kuti yunivesite iwagwadire. Koma mukamaveka munthu gauni imeneyo pamaso pa ana athu, mukuchitira umboni. Mukuwauza anawo kuti: taonani, moyo woti muutsanzire ndi uwu. Ndiponso chidindo chimene mumadinda pa pepala la munthuyo ndi chomwecho chimene chili pa pepala la mwana wanga, limene analivutikira zaka zinayi, nthawi zina akugona ndi njala kuti asunge ndalama yosindikizira ntchito ya m'kalasi. Chidindocho chikapepuka pa pepala limodzi, chapepuka pa onse.

Matenda operekera ulemu kwa amphamvu sanayambe ndi ife. Digiri yaulemu yoyamba yodziwika m'mbiri inaperekedwa ndi yunivesite ya Oxford m'zaka za m'ma 1470 kwa Lionel Woodville, amene anali mlamu wa Mfumu Edward IV. Akuluakulu athu anati kupatsa n'kuikiza, ndipo a Oxford ankaikiza kunyumba yachifumu. Kuyambira pamenepo yunivesite iliyonse yakhala ikuyesedwa ndi chiyeso chomwechi, ndipo zimene zagonja zinanong'oneza bondo.

Chitsanzo chili pafupi, kwa anansi athu a ku Zimbabwe kumene abale athu ambiri anakakhazikika kuyambira nthawi ya migodi ndi mafamu. Mu 1984 yunivesite ya Edinburgh ku Scotland inapatsa a Robert Mugabe, mtsogoleri wa boma la Zimbabwe pa nthawiyo, digiri yaulemu powayamikira pa nkhani ya maphunziro. Pa nthawi yomweyo ku Matabeleland, chigawo china cha Zimbabwe, asilikali a Fifth Brigade anali atayamba kale, kuchokera mu 1983, kupha anthu wamba zikwizikwi pa zoopsa zija zotchedwa Gukurahundi. Ku America nako, yunivesite ya Massachusetts inawapatsanso mu 1986, ya Michigan State mu 1990. Patadutsa zaka 23, mu 2007, Edinburgh inalanda digiri ija, ndipo zinzake ziwirizo zinalanda mu 2008. Taganizani za mayi wa ku Matabeleland amene anaika mwamuna wake m'manda mu 1983, n'kumva chaka chotsatira kuti anthu ophunzira kwambiri padziko aveka gauni mtsogoleri wa boma limene linatumiza asilikaliwo. Kulanda kwa mu 2007 kunamupukuta misozi iti? Cholakwa cha mayunivesite amenewa chinali kufulumira. Anaweruza munthu ali pampando, mbiri yake isanathe kulembedwa. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere, ndipo nkhuyu ya munthu wandale siing'ambika iye akadali ndi apolisi ndi wailesi m'manja.

Zilipo sukulu zina zimene zinalimba mtima. Mu 1985 aphunzitsi a pa Oxford pomwepo anavota, 738 kukana ndipo 319 kuvomera, pa ganizo lopatsa digiri yaulemu mayi Margaret Thatcher. Mayiwo anali Nduna Yaikulu ya Britain pa nthawiyo, ndiponso anaphunzira pa Oxford pomwepo, koma aphunzitsiwo anati sangalemekeze mtsogoleri amene boma lake likudula ndalama za maphunziro ndi kafukufuku. Mu 2009 yunivesite ya Arizona State ku America inaitana a Barack Obama kudzalankhula pa mwambo wa omaliza maphunziro, koma digiri yaulemu sinawapatse, ponena kuti ntchito yawo yambiri inali ikadali m'tsogolo. Anali atangokhala pampando wa mtsogoleri wa America pafupifupi miyezi inayi. Anthu ena anakwiya, koma a Obama anapita, analankhula, ndipo anavomereza pamaso pa ophunzira kuti n'zoona, anali asanachite zokwanira. Yunivesiteyo inatcha thumba lothandiza ophunzira osowa dzina lawo. Kuthambo sikunagwe. Ndipo pali sukulu yotchuka ngati MIT ya ku America imene sipereka n'komwe madigiri aulemu, koma palibe amene amaiderera.

Kwathu kuno chiyeso chimenechi n'cholemera kuposa kwa anzathuwo, ndipo ndikunena izi mokumverani chisoni, osati mokunyozani. Chansala wa mayunivesite a boma ndi Mtsogoleri wa dziko. Ndalama zoyendetsera sukulu zanu zimachokera kuthumba la boma. Munthu amene akufuna hositelo yatsopano kapena malipiro a aphunzitsi zimamuvuta kukana dzina limene labwera ndi foni yochokera kumwamba. Komatu tinaona kale zimene zimachitika yunivesite ikayandikana kwambiri ndi mpando. Mu February 2011 mkulu wa apolisi pa nthawiyo, a Peter Mukhito, anaitanitsa a Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa zandale pa Chancellor College, kukawafunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi chokhudza kusowa kwa mafuta ndi zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi ananyanyala, anayi anachotsedwa ntchito kuphatikizapo mayi Jessie Kabwila, ndipo ophunzira anataya pafupifupi miyezi isanu ndi itatu. Chansala wa nthawiyo anaima kumbali ya apolisi. Ena mwa inu munali m'gulu la aphunzitsi amene ankayenda mumsewu wa ku Chirunga atavala zofiira. Ufulu umene munkaumenyera uja sutha pa zimene mphunzitsi anena m'kalasi. Ukhudzanso dzina limene Seneti ingalikane popanda mantha.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti mudzimange nokha ndi lamulo lolembedwa: munthu amene ali pa udindo wandale, mkazi kapena mwamuna wake, ndi aliyense amene ali ndi kontirakiti ndi yunivesite, asalandire digiri yaulemu mpaka patapita zaka zingapo atachoka pamenepo. Lamulo lotere limateteza inu nomwe. Foni ija ikalira, mudzangoti pepani bwana, malamulo satilola, ndipo palibe Vice Chancellor amene adzasenze yekha mlandu wokana. Munthu wachuma amene wamangira sukulu laibulale muthokozeni, n'koyenera, lembani dzina lake pakhoma la laibulaleyo ndi zilembo zikuluzikulu. Koma digiri ayi. Ana athu akangozindikira kuti gauni yofiira imabwera pambuyo pa cheke, simudzawauzanso kanthu za kuipa kogula mayeso.

Malamulo osankhira ndikukhulupirira alipo m'mafayilo anu, koma ife eni sukuluzi, amene timazilipirira pa msonkho wa sopo ndi shuga, tiyenera kuwaona. Aikeni poyera. Lengezani m'nyuzipepala ndi pawailesi kuti aliyense angathe kupereka dzina, ngakhale mfumu ya kumudzi kapena komiti ya sukulu ya pulayimale. Mukasankha, tiuzeni mwezi umodzi kapena iwiri mwambo usanafike, ndi zifukwa zake, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, kuti ngati pali wina akudziwa zobisika za munthuyo anene nthawi ikadalipo. Mulembenso njira yolandira digiriyo kwa munthu amene wadzaonekera kuti ndi wakuba kapena wankhanza, kuti musadzayambe kusula mkondo nkhondo itafika pakhomo.

Nkhaniyi yakula chifukwa sukulu nazo zachuluka. Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa mu 1965 ku Chichiri ndi ophunzira osakwana 100. Lero, kuchokera pamene inagawidwa mu 2021, tili ndi mayunivesite a boma asanu ndi limodzi: UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ndi Mzuni, osawerengera a mipingo ndi a anthu paokha. Iliyonse ili ndi mwambo wake chaka ndi chaka, ndipo iliyonse ikufuna dzina lomveka pa nsanja. Panja pake palinso timabungwe tosadziwika timene timachitira miyambo m'mahotela n'kumagawa udokotala kwa wina aliyense amene walipira. M'mawa mwake munthu wasintha kale dzina pa Facebook ndi pa chitseko cha ofesi. Bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite la NCHE linachenjezapo kuti wolandira digiri yaulemu asamadzitchule Dokotala, koma chenjezo lotere limagwira pokhapokha inu, eni ake a madigiri enieni, mukamanena zimenezi poyera pa mwambo pomwepo ndi m'kalata imene mumampatsa munthuyo. Ndili ndi mnzanga amene anatenga PhD, udokotala wochita kuwerengera, ali ndi imvi, zaka zisanu akuwerenga usiku ana atagona. Dzina limenelo analigula ndi maso ake. Si chilungamo kuti azilimbirana ndi munthu amene analipeza masana amodzi.

Mwina wina afunsa kuti nanga tikachotsa andale ndi achuma, atsala ndani? Atsala ambiri, moti magauni angakuchepereni.

Ku Dedza, malemu Inkosi Theresa Kachindamoto anagwira ntchito ya usekilitale pa koleji ina ku Zomba zaka 27 asanaitanidwe kwawo kukalowa ufumu. Atafika anapeza tiana ta zaka 12 tili ndi makanda kumsana. Anathetsa maukwati a ana oposa 850 m'zaka zochepa, anaimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankalekerera, ndipo anabweza atsikanawo kusukulu, ena akumawalipirira fizi. Pamene Nyumba ya Malamulo inkasintha malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti msinkhu wokwatiwira ukhale zaka 18, iwo anali atayamba kale ntchitoyo pansi, khomo ndi khomo, akuopsezedwa. Munthu wotere mayi anga sakanafunsa kuti anachita chiyani. Ku Chitedze kuli akatswiri amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anatulutsa chimanga cha MH18, cha haibulidi koma cholimba, chokonoleka mumtondo ngati cha makolo, chimene amayi akumudzi anachilandira chifukwa sichinkaphwanyika n'kuthera m'gaga. Dzina la chimangacho alimi amalidziwa, koma mayina a amene anachipanga ndi angati amawatchula? Kuli azamba amene agwira ntchito zaka 30 pa chipatala chaching'ono chopanda magetsi, akubeleketsa ndi tochi ya foni kukamwa. Kuli aphunzitsi a Sitandade 1 amene anaphunzitsa a e i o u ana 150 nthawi imodzi pansi pa mtengo, ndipo ena mwa anawo ndi inu amene mukuwerenga kalatayi.

Ndipo muwalemekeze akadali ndi makutu. Ife a Malawi timadziwa kuyamika munthu pa manda. Mayi Rose Chibambo anatsekeredwa m'ndende ya Zomba mu 1959 ali ndi khanda, chifukwa chomenyera ufulu wa dziko lino. Pambuyo pa mpungwepungwe wa nduna wa 1964 anathawira kunja, ndipo anakhalako zaka pafupifupi 30, dzina lawo losatchulidwa. Nkhope yawo inafika pa K200 mu 2012, iwo ali okalamba, ndipo anamwalira mu January 2016. Tinachita mwayi kuti anaiona ndalamayo ndi maso awo. Alipo ena ngati iwo amene akukalamba mwakachetechete m'maboma athu, ndipo nthawi sikudikira misonkhano ya Seneti.

Tsopano za wolankhula pa mwambo, zimene kwa ine n'zolemera chimodzimodzi.

Mwana amene wakhala pa mpando atavala gauni tsiku limenelo ali ndi chimwemwe kumaso koma mumtima muli mantha. Akudziwa mkulu wake amene anamaliza zaka zitatu zapitazo ndipo akadali kuyenda ndi envelopu ya khaki ofesi ndi ofesi. Akudziwa kuti ngongole ya fizi ija idzafunika kubwezedwa. Akudziwanso kuti makolo amene akhala mu tenti akuyembekeza kuti mwezi wamawa ayamba kutumiza ya feteleza. Mwana wotere mukamuimikira munthu woti amuwerengere misewu ndi milatho imene boma lamanga, kapena kumuuza mawu otha ntchito aja akuti musafune ntchito koma mupange ntchito, osamuuza kuti mpamba autenge kuti, mwamulanda mawu omaliza amene sukulu yake inayenera kumutsanzika nawo. Chansala ali ndi malo ake pa mwambo ndipo palibe akumulanda. Koma payenera kukhala wina, wosankhidwa chifukwa ali ndi choti anene kwa anawo, wosavala mtundu wa chipani chilichonse.

Ndimaganiza za munthu ngati William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu. Anasiya sukulu ya sekondale chifukwa cha fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, koma sanasiye kupita ku kalaibulale ka kwawo. Ndi zidutswa za njinga ya bambo ake, mapaipi apulasitiki ndi zitsulo zotola kudzala, anapanga makina amphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba mwawo, anthu akumuti wapenga. Anamaliza maphunziro pa Dartmouth ku America mu 2014. Munthu wotere akauza ana athu za kuyamba ndi zimene zili m'manja, amukhulupirira, chifukwa zipsera ali nazo. Sindikuti akhale iyeyo basi. Angakhale namwino, mlimi wa mpunga wa ku Karonga amene anayambitsa kopaletivu, woweruza wopuma amene anakana chiphuphu, kapena wophunzira wakale wa sukuluyo amene anagwa mu bizinesi kawiri n'kudzukanso. Chachikulu n'chakuti ophunzira eni akewo afunsidwe. Ali ndi bungwe lawo pa sukulu iliyonse. Apatseni mipando iwiri mu komiti yosankha, ndipo mmodzi wa iwo, wosankhidwa ndi anzake, apatsidwe mphindi zisanu zolankhula pa nsanja. Mwambowo ndi wawo.

Wolankhulayo mumuuze kuti nthawi yake ndi mphindi 15, ndipo mbali ina ailankhule m'chinenero chimene anthu a mu tenti akumva. Sindikunyoza Chingerezi, ndi chimene anawo aphunziramo. Koma theka la anthu amene abwera ndi agogo, azakhali ndi amalume amene anagulitsa fodya, mtedza ndi ziweto kuti tsikulo litheke. Amakhala maola asanu akumva phokoso lokhalokha, n'kumayang'ana nkhope za anzawo kuti adziwe poombera m'manja. Ziganizo khumi zokha zowathokoza m'chinenero chawo zingawapatse choti akasimbe kumudzi chaka chathunthu. Ngati nthawi ikuchepa, dulani malonje a akuluakulu amene amatchulana maudindo mobwerezabwereza, ndipo nthawi imeneyo muipereke kwa wowerenga mayina, kuti dzina lililonse limveke bwino ndipo nthungululu ya agogo ithe asanatchule wina. Mwambo uyambe pa ola limene mwalemba pa khadi. Okalamba ena amene amadikira padzuwa paja ali ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Mng'ono wake wa mwana wanga uja ali chaka chachitatu tsopano. Mayi anena kale kuti mawondo akalola apitanso, ndipo chitenje chodzavala anagula kale, chili m'sutikesi. Pempho langa n'lakuti mayina a amene mudzawaveke gauni yaulemu chaka chimenecho, ndi la wodzalankhula, mudzawatulutse msanga pamodzi ndi ntchito zawo, kuti ndidzawawerengere mayi tili mu minibasi, tisanafike.

Ine wanu,
Mphunzitsi ndi kholo